Ngalande imene inalunjika pa chisa cha nantchengwa

Chaka chimene boma linatimangira dibi la ng'ombe kumtunda kwa mudzi wathu, kufupi ndi Bembeke, ine ndinasowa mtendere. Ankati madzi otha ntchito a m'dibimo awakumbire ngalande yotsikira kudambo. Ndinali nditaona kale kwawo kwa mayi anga zimene madzi a mankhwalawa amachita: achule kuyandama chagada, akakowa kudya achulewo, kenako dambo lonse kuti zii. Dambo lathu linali lodzaza akakowa, atsekwe ndi anantchengwa, ndipo ndinkalima kabichi pomwepo. Ndisabise, mbalamezo ndinkazikonda kuposa anansi ena.

Koma masiku amenewo ntchito ya boma sunkaitsutsa. Ukangotsegula pakamwa, mawa lake anthu ankanong'onezana kuti wapita kuti.

Mlangizi wa ziweto atakhoma zikhomo zosonyeza modutsa ngalandeyo, chingwe chake chinalunjika pa mkuyu momwe munali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati kankhokwe. Amuna a m'mudzi anafika ndi makasu ndi nkhwangwa, n'kungoima chilili. Kwathu amati wophwasula chisa cha nantchengwa amachita misala, ndiye panalibe wofuna kuyamba.

Mlangizi anaitanitsa amuna anga, amene anali akatekisi. Anasankha bwino, poti bambowa Lamulungu lililonse ankakalipira zikhulupiriro zotere mpaka thovu kukamwa. Ndinawatsatira mtima uli m'mwamba, podziwa kuti akangoti n'zabodza, mtengo ugwa.

"Akatekisi, auzeni anthuwa kuti mbalame sipengetsa munthu," anatero mlangizi.

Amuna anga anayang'ana chisacho nthawi yaitali, akukanda m'mutu. "Zoona alangizi, m'katekisimu mulibe zimenezi," anayankha. "Koma mulibenso pamene analemba kuti sipengetsa. Nayi nkhwangwa, yambani ndinu, ife tizikupemphererani."

Mlangizi anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana chisa. Nayenso anakulira kumudzi. Anatsokomola, n'kunena kuti ataonetsetsa, malowo ndi otsetsereka kwambiri, kuli bwino akumbe dzenje kumtunda konko, madziwo azithera momwemo.

Mtima wanga unakhala pansi, moti ndinaseka ndekha ngati wopusa, amayi anzanga n'kumandiyang'ana. Pobwerera kunyumba ndinawafunsa bambowo ngati nawonso ayamba kuopa nantchengwa.

"Ayi, ndi mbalame chabe," anatero. "Koma ndikanati ndinene zimenezo pagulu paja, inu mayi mukanandilowetsa m'nyumba lero?"