A Ambrósio ndi mankhwala a kamyau

Ku Kalomwe palibe amene sawadziwa a Ambrósio, aja owolotsa matumba a mbatatesi panjinga kupita nawo ku Dedza. Ndi munthu wamfupi, wamatewe, wolongolola moti ngakhale akukankha matumba atatu pachitunda pakamwa sipatsekeka.

Chaka china kamyau, lole yaikulu ya katundu, inawaphonya pang'ono, n'kupondereza njinga iwo atadziponya m'ngalande. Thupi silinavulale. Koma kuyambira tsikulo akangomva kulira kwa galimoto thukuta linkangoti kamukamu ndi mantha. Miyezi inayi sanaponde pamsewu. Anzawo apanjinga, amene lero amati ankawamvera chisoni, ankawazembera kumbuyo n'kumalira ngati kamyau. Mayina awo sanaiwalike.

Anawachiza ndi a Dalila, tekinika wa matenda a maganizo, amene amafika pachipatala chaching'ono kamodzi pamwezi, popeza kwa anthu ena ovala mataye mlimi sadwala china koma malungo. Mayiwa sanawapatse piritsi. Anati: lero kaimeni pamene msewu ukuonekera patali, mpaka mtima utsike. Mawa senderani. Mkuja kagwireni tayala la kamyau yoima. Patatha milungu isanu ndi umodzi a Ambrósio anali pamsewu ndi njinga yobwereka, akutukwana madalaivala monga kale.

Basi anasanduka dotolo. A Josias, amene ankaopa mlatho wa mitengo wopita kudimba, anawawolotsa phazi limodzi patsiku mpaka anazolowera. A Policarpo anasiya kuthawa agalu. Munthu ukangoti ndikutsokomola, iwo ankafunsa kuti, "Mukuopa chiyani?"

Kenaka Zélia, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamwalira atadwala masiku atatu. Maliro atatha, akazi awo a Judite anakhala pansi. Kukwaya anasiya, kudimba anasiya, chakudya ankangochilawa. Nsalu inayamba kuwazungulira kawiri.

A Ambrósio anati matendawa akuwadziwa. "Lero mufike pakhola pokha, mayi. Mawa pachitsime." A Judite sanakane. Anafika pakhola, anafika pachitsime, tsiku lakhumi anafika mpaka kutchalitchi, n'kukhala pabenchi ngati mtolo wa nkhuni. Pobwera anagona chafufumimba osavula nsapato.

"Koma mwafikatu! Nanga chikuvuta n'chiyani?"

"Ine sindikuopa kanthu, bambo. Mukafuna ndikafika ngakhale ku Tete. Mungondisiya."

Mawu amenewo anawaopsa kuposa kamyau. Tsiku la a Dalila litakwana anawakweza akaziwo panjinga, pamene pamakhala matumba, ndipo anamva okha kupepuka kwawo.

A Dalila anamvetsera zonse, mpaka za agalu a a Policarpo. Sanaseke kwambiri.

"Bambo Ambrósio, zimene ndinakupatsani zija n'za mantha. Awa si mantha, n'chisoni. Kuyenda kungathandize, koma osati kokha. Ndani amacheza nawo za mwanayo?"

"Aa, za malemu? Timapewa. Angalire."

"Kale munkawaitana bwanji?"

A Ambrósio anakanda m'mutu. Zaka makumi awiri ndi zitatu a Judite anali amake Zélia, kwa iwo, kwa anansi, ngakhale kwa abambo mfumu. Chimwalirire mwanayo mudzi wonse, mwa ulemu wake, unasiya dzinalo kuti lisawalase mtima. Onse anangoti mayi, mayi, ngati mlendo wapabasi.

A Dalila anawauza a Judite kuti azibwera mwezi uliwonse adzacheze. Amunawo anawapatsa ntchito yovuta kuposa kugwira tayala: atchule dzina, kenaka atseke pakamwa.

Anazengereza masiku anayi. Lachisanu masana ali pakhonde kusankha nyemba za mbewu, anayeretsa kukhosi.

"Amake Zélia, patseniko lichero."

Dzanja la a Judite linaima m'nyembamo.

"Mwati chiyani?"

"Ndati amake Zélia. Mwana ujatu nyemba ankathira mchere ngati akukwiyira munthu."

"Bodza! Inu ndi amene simudziwa kudya. Mwana wanga ankaphika bwino, kungoti ankafulumira, mtima uli kumpira wa atsikana."

Analira, n'kuyankhula, n'kuliranso. Anasimba za nsapato zofiira zimene Zélia anakana kuvula tsiku la ukonfirimasau wake kutchalitchi, za mmene ankanamizira mphaka akaba nsinjiro. Katatu konse a Ambrósio anatsegula pakamwa kuti akonze nkhani, katatu konse anatsekanso. Nkhuku zinadya nyemba zambiri ndithu, palibe anaziingitsa.