Kamuvi Kamene Kankayenda Kokha

Inu amene mwatsala pang'ono kukhoma chitseko cha bizinesi yanu n'kukagona chafufumimba, khalani kaye pansi mumve za mayi uyu.

Tsiku limene anafika pothera nzeru, mayi wa makadi anali m'kashopu kake, manja ali m'masaya, akuonerera kompyuta ikudzifufutira yokha ntchito. Mausi inali phee patebulo, koma kamuvi ka pasikirini kanayenda pang'onopang'ono, kanakagwira makadi a ukwati amene iye anawavutikira, n'kuwataya. Sanakuwe. Anangoti, "Bambo a ana, ndinakulakwirani chiyani?"

Kashopuko anayambitsa ndi mwamuna wake: kachipinda kamodzi, pulinta, chodulira mapepala, ndi kompyuta imene pasikirini pake panali chithunzi cha bamboyo akuseka, dzino limodzi palibe. Ankasindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Mkazi ankangodula ndi kupinda. Bamboyo atamwalira, anthu anati shopu yapita naye kumanda. Bodza. Mayiyo anakhala pampando wa malemu n'kumadinadina ndi chala chimodzi mpaka makadi anayamba kutuluka.

Koma maliro atangotha, mlamu wake, mng'ono wa malemu, anali atabwera ndi nkhope yachisoni n'kunyamula kompyutayo. "Ndikakukonzereni bwinobwino, alamu, musadzavutike nayo." Anaibweza, kenako anatsegula shopu yakeyake ya makadi tsidya la msewu womwewo. Manyazi munthu ameneyo anawasiya m'mimba mwa amake.

Kuyambira pamenepo kamuvi kanayamba kuyenda kokha, ndipo kagetsi ka pamwamba pa sikirini kankayaka popanda woyatsa. Mayiyo anati ndi mwamuna wake akumuzonda. Musaseke. Amene sanaikepo mwamuna m'manda atseke pakamwa. Kompyutayo sankaizimitsanso, kuopa kumuthamangitsa. M'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi n'kumaiuza zonse: "Bambo a ana, kunabwera a kwaya, akufuna makadi a maluwa ofiira. Ndawauza abwere Lachisanu."

Lachisanu a kwaya osaoneka. Ankawaona akutuluka tsidya lija atanyamula makadi ofanana ndi ake, ngakhale kankhunda kamene iye anakakhotetsa phiko molakwitsa kali pomwepo. Mumtima anati, malemu andikwiyira chifukwa ndakhala pampando wawo, ntchito yanga akupatsa m'bale wawo. Makasitomala anatha. Ana anayamba kumufunsa chifukwa chake samaseka.

Makadi amene anafufutika tsiku lija anali a sisi wina wokonza makompyuta, amene ankakwatitsa mng'ono wake. Masana anabwera kudzawatenga. Mayiyo sanazungulire.

"Asisi, makadi anu palibe. Mawa ndikutseka shopu ino. Bambo a ana sakufuna."

"Ali kuti bambowo ndiyankhule nawo?"

"Anamwalira. Koma si awo akuyendawo."

Sisiyo anawerama n'kuyang'ana. Kamuvi kankatsegula zithunzi chimodzichimodzi ngati munthu wosankha tomato. Sisiyo anapisa dzanja kuseri kwa tebulo n'kuzula waya wa intaneti. Kamuvi kanaima. Kagetsi kaja sikanachedwe kuthima.

"Amayi, ine za mizimu sindizidziwa kwenikweni. Koma mzimu wodalira waya sindinaumvepo."

Anakoka mpando n'kufotokoza mosabisa. Anati wina anabisa pulogalamu m'kompyutamo, yokhala ngati khomo lakumbuyo kwa nyumba. Mwini nyumba amakhoma kutsogolo, wakuba n'kumalowera kuseri, kumaona zonse, kumva zonse, kutenga zimene wafuna. Anamuonetsa mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikayaka. Pakati pake panali kena kodzitcha dzina looneka laulemu, koma kosadziwika mwini wake, kamene kankatumiza zinthu kunja mosalekeza. Anayang'ana tsiku limene kanalowa.

"Nthawi imeneyi kompyutayi inali m'manja mwa ndani?"

Mayiyo anayang'ana tsikulo, anayang'ana pawindo tsidya la msewu. Mukanaganiza kuti atola chodulira mapepala n'kuwoloka. Ayi. Anangofunsa chinthu chimodzi chokha.

"Ndiye kuti bambo a ana sanandikwiyire?"

"Sanakukwiyireni. Akupuma."

Analira pamenepo, kulira kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni zonyowa. Atapukuta misozi, ukali unabwera wonse.

"Ndiye miyezi yonseyi ndimanena 'mwadzuka bwanji wokondedwa' kwa galu ameneyo?"

Sisiyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Mayiyo naye anaseka, koyamba chimwalirire mwamuna.

Kuchotsa kunali ndi mtengo wake, osati wa m'thumba. Sisiyo anati kufufuta kapulogalamuko kokha sikokwanira, pakuti wotsegula khomo limodzi amasiyanso zenera losakhoma. Kompyuta yonse iyenera kusesedwa, kuyambanso ngati yatsopano. Zimenezi zinatanthauza kuti mmene malemu anayalira zinthu zawo pasikirini zichoka, ndipo kompyuta imene sinazimepo miyezi yonseyi iyenera kuzima.

Anasamutsira makadi akale ndi zithunzi pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira zinthu, osatengako pulogalamu ina iliyonse, n'kuzipima ndi pulogalamu yogwira mavayirasi. Pofika pozimitsa, sisiyo anatambasula dzanja, koma mayiyo analigwira.

"Ndizimitsa ndekha."

Anayang'ana nkhope ya dzino limodzi losowa ija, anati, "Gonani bwino, bambo," n'kudina.

Mapasiwedi onse anasinthira pa foni ya sisiyo, waya usanabwezeredwe. Akale anali dzina la malemu, limene mlamu ankalidziwa kuposa lake. Pa kamera ya pamwamba pa sikirini, imene kagetsi kake kankayaka mlamu akamamusuzumira, anamatapo kapepala. Makadi a ukwati aja anawakonzanso ndi chala chake chimodzi chomwecho, ndipo anafika ukwati usanachitike.

Musaganize kuti makasitomala anathamangira m'mawa mwake. Mayiyo anakhala masiku ambiri akuyang'ana msewu. Koma sanangokhala. Ankapita kwa sisi uja kukaphunzira mpaka kumutopetsa ndi mafunso: kuyang'ana zimene zikudzuka zokha, kulola kompyuta kulandira zokonza zake zatsopano, kukana fulashi ya munthu isanapimidwe. Anajambula maluwa atsopano, mbalame zatsopano. Tsidya lija munthu anatsala ndi nkhunda yokhota phiko, akuisindikiza pa ukwati, pa maliro, pa ubatizo, mpaka anthu anatopa nayo. A kwaya anabwerera okha, akuyang'ana pansi.

Tsiku lina mlamu uja anawoloka msewu, manja ali kumbuyo.

"Alamu, mwangoti zii. Kompyuta ija sikuvuta? Ndikhoza kukuonerani."

Mayiyo sanaimirire. "Yachira, alamu. Munali mzimu, tinautulutsa. Akuti unali ndi mimba yaikulu ndi shopu yopanda anthu."

Amene anali pamzere anatembenuka kumuyang'ana. Bamboyo anakanda m'mutu, anayang'ana kapepala ka pa kamera, n'kuwolokanso msewu osatsanzika.

Lero shopuyo ili ndi pulinta yachiwiri. Chithunzi cha malemu anachisindikiza chachikulu n'kuchipachika pakhoma, pamene palibe waya. Akafuna kuyankhula nawo amayang'ana pamenepo. Madzulo akaweruka amazimitsa kompyuta, amakhoma chitseko, n'kupita kwa ana mtima uli m'malo.

Ndiye inu amene mukuti dziko lakukanani, ngakhale akumanda akukanani, musanatseke chitseko yang'anani kaye kuseri kwa tebulo. Funsani odziwa, musachite manyazi. Chimene chikukudyani mwina chili ndi waya, ndipo waya amazulika. Osataya mtima, ndipo amene wabwera ndi nkhope yachisoni kudzanyamula chida chanu cha ntchito, muuzeni akhale pansi alire nanu, manja ake ali pamiyendo.