Chigamba cha mnzanga wa ku Nkopola

Nditangotumizidwa ku Mangochi kukaphunzitsa za makompyuta, mnzanga woyamba anali mkulu wina wa ku Chowe yemwe ankasamala intaneti pa loji ina ku Nkopola. Loweruka ndinkakwera minibasi kupita kumeneko, n'kukakhala naye m'kachipinda kotentha ngati uvuni, fani ikungotembenuza mpweya womwewo. Ndimakasowa kachipinda kaja.

Intaneti ya pa lojipo inali ndi khalidwe loipa: alendo akachuluka, inkangofa. Mnzangayo anafufuza mpaka anapeza vuto mu kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa rauta yawo, kabokosi kogawa intaneti. Nambala yowerengera mauthenga odutsa pa netiweki inkakula mpaka kusefukira, n'kuyambiranso pa ziro ngati mita ya galimoto yakale. Analemba chigamba chake, mizere yochepa chabe yokonza vutolo mu pulogalamuyo.

"Aphunzitsi, tachionani kaye ndisanatumize kwa eni ake a kenelo," anatero. "Ndikufuna dzina langa lilowe m'gulu la oikonza ndisanapite ku Joni."

Ulendo wa ku Joni unali utapsa kale. Ndinawerenga mzere ndi mzere, ndinayesa manambala akuluakulu, osasefukira. Tinatumiza kuchokera pa imelo ya loji, ine n'kuikidwamo ngati woonerera.

Yankho linabwera kuchokera kwa munthu amene sitinamuonepo. Anati masamu ali bwino, koma m'chigawo cha netiweki muli mwambo wake: mizere yotchula manambala pamwamba pa kagawo kalikonse ka pulogalamu imasanjidwa kuyambira wautali kutsikira waufupi. Anatinso mipata ya kumayambiriro kwa mizere ikhale yopangidwa ndi batani la tabu, osati la sipesi.

Mnzanga anapsa mtima mpaka anayamba kulankhula Chiyao chokhachokha. Atabwerera ku Chichewa anati, "Ine ndazimitsa moto, iwo akufunsa mtundu wa ndowa! Basi, ndasiya."

"Achimwene, inu mukalowa mu mzikiti simuvula nsapato? Nyumba ndi ya eni," ndinatero.

Anandiyang'ana mokwiya, kenako anaseka, n'kukoka laputopu. Tinasanja mizere ija, iye akung'ung'udza pa mzere uliwonse. Anatumizanso, ndipo sabata yomweyo anakwera basi ya ku Joni.

Chigambacho chinalandiridwa iye atapita. Uthenga unafika pa imelo ya loji, yomwe sankaionanso, ndi pa yanga. Ndinasangalala ngati ndine ndalemba. Ndinaimba foni yake, sinapezeke. Ndinapita ku Chowe, mayi ake anati nawonso akudikira kuti awaimbire. Ndinayesa kuwafotokozera zimene mwana wawo anachita, iwo anangofunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti ali moyo. Ndinatsanzika n'kubwerera.

Papita zaka tsopano. Loji ija inasintha eni, kachipinda kaja amasungamo matawulo. Koma nthawi zina ndimatsegula fayilo imene munalowa chigamba chija pa kompyuta ya kusukulu. Mizere yake ikadalipo, wautali pamwamba, waufupi pansi, ndipo dzina lake lili m'mbiri ya fayiloyo monga ankafunira. Mwini wake yekha ndi amene sindinamuuze.