Mphunzitsi Amene Anagwada Pansi pa Tebulo

Inu amene mumanjenjemera mukaima pamaso pa anthu, imvani za Getrude Fanizani wa ku Makokoba, dera la anthu olankhula Chindebele.

Getrude analephera kawiri mayeso ophunzitsa m'kalasi. Woyesa akangolowa, mantha ankamusokoneza. Koleji inamupatsa mwayi womaliza pasukulu ina ku Pumula, m'kalasi ya ana a zaka zisanu. Kulepheranso, ndiye kuti za uphunzitsi aiwale.

Manthawo anayamba kalekale. Ali mwana anayankha funso m'Chichewa cha kunyumba, kalasi yonse n'kufa nazo kuseka. Kuyambira tsikulo anakwirira chinenero cha makolo ake, n'kumalankhula Chindebele chokhachokha.

M'kalasi yatsopanoyo munali Chiso, kamtsikana kongofika kumene kuchokera ku Chipata. Masabata atatu sanatulutse liwu, moti anzake ankati ndi wosalankhula. Getrude ankadziwa pamene panagona vuto: mwanayo ankangodziwa Chichewa. Koma Chichewa chake chinali chitachita dzimbiri, ndipo ankaopa kusekedwanso. M'mawa uliwonse m'kombi, minibasi yopita kusukulu, ankayeseza mawu chamumtima. Akafika pageti, n'kuwameza.

Tsiku la mayeso, Mayi Thandeka, woyesa wosaseka ndi munthu, anakhala kumbuyo ndi cholembera. Phunziro litangoyamba, kunja kunagunda bingu lamphamvu. Chiso anakuwa, n'kukwawira pansi pa tebulo. Enanso anayamba kulira.

Getrude anayang'ana wotchi, anayang'ana woyesayo. Kenaka anaika choko pansi, n'kugwada.

"Usaope, mwanawe," anatero m'Chichewa, lilime likupunthwa. "Inenso ndili ndi mantha. Tikhale awiri."

Chiso anatong'ola maso. "Aphunzitsi, mukulankhula ngati amayi anga!"

"Kanti uyakhuluma!" anafuula mtsikana wina m'Chindebele, kudabwa kuti mnzawoyo amalankhula.

Palibe anaseka. Anawo anakwawira pansi pomwepo, n'kumuuza Chiso kuti chikugwa kunjacho ndi "izulu". Iye anapukusa mutu: "Ndi mvula." Anayamba kusinthana mawu, wa tebulo, wa nsapato, wa dzanja, mpaka belu linalira.

Ana atatuluka, Getrude anaima ngati wodikira chigamulo.

"Phunziro lanu simunalimalize," anatero Mayi Thandeka.

Getrude anawerama.

"Koma mwana wamantha saphunzira. Ena amatha zaka khumi m'kalasi asanazindikire zimenezo. Mwakhoza, aphunzitsi."

Lero Getrude akuphunzitsabe ku Pumula. Aphunzitsi atsopano akamufunsa chinsinsi chake, amangoti, "Mwana ayambe wamva kuti ndi wathu. Zilembo zibwera pambuyo."

Inu amene mwagwa kawiri, dzukani kachitatu. Musataye mtima. Mwina chimene mukuchibisa chifukwa cha manyazi ndicho wina akudikira kuti atsegule pakamwa.