Kaseti ya m'vaneti

Amadala a vaneti ku Kanakantapa sanyamuka wailesi ya m'galimoto isanalire. Kaseti yawo ndi imodzi yomweyo, ya kwaya imene malemu akazi awo, amake Ezra, ankaimbamo, ndipo inakanirira m'katimo kalekale. Amati galimoto yopanda nyimbo ndi ngolo.

Tsiku lina atanyamula tomato wa Tryness, mnansi wawo, wailesi inangoti zii pamabampu. Anaimika galimoto padzuwa, nagwedeza mawaya, kenako anasolola fyuzi yopserera.

"Atate, tomato wanga aonongeka, tiyeni chabe," anadandaula Tryness.

"Amake Ezra siniwasiya panjira, mwana wanga."

Anakulunga fyuziyo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, naibwezeramo. Kwaya inayambira pomwe inalekezera. Amadala anatchera khutu mpaka mawu a akazi awo atamveka pamwamba pa anzawo.

"Akwera," anatero, nalowetsa giya.