Peirona ndi Kabudula wa pa Linga

Olemba mbiri ya mzinda wathu amatchula akuluakulu okhaokha, ngati kuti akuluakuluwo ankadzichapira okha. Peirona samutchula. Chonsecho mtendere tikudyawu unachokera m'manja mwake, manja ong'aluka ndi phulusa ndi madzi ozizira.

Anabadwira kuseri kwa tchalitchi, n'kuyamba kuchapira anthu mano a mkaka asanathe kuguluka. Anakwatiwa kawiri, amuna onse awiri n'kutsogola, iye n'kumachapabe. Ankati munthu umamudziwira ku zam'kati, osati ku chipewa.

Chaka chimene ankhondo a kutsidya kwa mtsinje anazinga mzinda, dambo lomwe Peirona ankayanikako zovala linadzaza mahema ndi mizinga. Miyezi inayi zipata zili chitsekere. Akavalo atatha kudyedwa, anthu anayamba kuyang'ana amphaka ndi diso lina. Onse anatopa, akunja ndi am'kati omwe, koma woyamba kupempha zokambirana akhale ndani? Manyazi!

Tsiku lina dzuwa litawala, Peirona anakwera pa linga n'kukoleka chochapa chake choyera pa mkondo umene mlonda anatsamiritsa pamenepo. Mphepo inachikupiza. Posakhalitsa lipenga linalira kunja, mthenga wa adani ali pachipata.

"Mbendera yanu yoyera taiona. Tiyeni tikambirane!"

Bwana Guiraut, mkulu wa asilikali athu, anachita kunjenjemera ndevu. "Wagulitsa mzinda ndani? Bweretsani chingwe!"

Asilikali anamukokera Peirona pamaso pake, manja akudontha madzi.

"Mayi iwe, wokweza mbendera popanda lamulo langa amapachikidwa. Ukudziwa?"

"Mbendera iti, bwana? Taitsitsani tiione."

Ataitsitsa, mbendera ija inapezeka ili ndi miyendo iwiri ndi chigamba kumbuyo.

"Ndi wanu uyu, bwana. Si munati aume lero, poti winayo waphulika? Nanga ndine ndinakunenepetsani, kuti kabudula wanu azioneka mpaka ku mahema?"

Asilikali analuma milomo, mapewa okha akugwedera. Guiraut anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana chigamba. Kumupachika mayiyu kunali kuuza dziko lonse, adani omwe, chimene chinali pa mkondo paja. Anatsokomola.

"Ndinalamula ndine. Ndi nzeru za nkhondo zimenezi, inu simungazimve. Mulowetseni mthengayo."

Patatha masiku atatu mbali ziwirizo zinagwirana chanza, mahema n'kupasuka. Peirona anabwerera ku dambo lake, n'kulipeza lili ndowe zokhazokha. Anakhalanso zaka khumi akuchapa, ndipo mpaka tsiku lomwalira ankatukwanabe akavalo a adani aja.