Mtolankhani Amene Ankapinda Nsalu za Odwala

"Dzina langa likufuna chiyani m'kabuku kanu?" anafunsa Zelipa, atakalendewetsa pamwamba pa mgolo wa madzi owira. "Wakutumani ndani?"

"Bwezani, chonde."

"Muyambe mwatchula amene wakutumani."

Munali m'chipinda chochapira cha chipatala china ku Scarborough, m'dziko la Canada, chaka cha 1975. Mwini kabukuko, Murtini, anali mtolankhani kwawo ku Indonesia mpaka tsiku limene asilikali anatseka nyuzipepala imene ankalembera. Zala zimene zinkasowetsa tulo nduna tsopano zinkapinda nsalu za odwala. Chimene anatsala nacho chinali kabuku kokhako.

Zelipa, Mmalawi amene ankapinda naye nsaluzo, anachokera kumene munthu wolemba zoyankhula za anzake amakhala kazitape basi. Zolembazo zinali m'chinenero cha ku Indonesia. Iye ankangozindikira dzina lake, tsamba ndi tsamba.

Nayenso Murtini sankamukhulupirira. Mayi womuyang'anitsitsa chonchi, sanatumidwe ndi a ku ofesi ya kazembe wa Indonesia? Akamuwerengera lero, mawa zikamveka kuti?

Koma nthunzi inali itayamba kunyowetsa mapepala.

"Tsegulani paliponse, ndikumasulirani," anatero Murtini.

Zelipa analoza ndi chala. Murtini anawerenga za mayi amene amaimba chapansipansi popinda nsalu ya munthu womwalira, n'kuisalaza kawiri ngati mwiniwake adzagonaponso.

"Ndiye munathawa asilikali kudzalemba za ine? Nkhani zinatha kwanu?" Anabweza kabukuko. "Nkhani yangayi muilembe m'Chingelezi. Ndikufuna ndidzionere ndekha ngati mukunama."

Murtini anagula makina otayipira akale. Akonzi a magazini khumi ndi mmodzi anaibweza nkhaniyo, ena akuti Chingelezi chake n'chotsimphina. Iye ankakonza, kutumiza, kupinda nsalu, kukonzanso. Zaka zitatu zathunthu, abale. Mu 1978 magazini ina ya ku Toronto inaisindikiza, kenako wailesi inamulemba ntchito yotola nkhani za anthu obwera.

Inu amene akutsekerani khomo, osataya cholembera. Wokukayikirani lero akhoza kukhala woyamba kumva nkhani yanu.

Tsiku lotsanzika ku chipatala, Zelipa anaperekeza Murtini mpaka pokwerera basi. Anayang'ana uku ndi uku ngati ali pa Limbe, natsitsa mawu.

"Achemwali, mlongo wanga Yotamu anamutenga pa galimoto yopanda nambala. Chino n'chaka chachisanu, ndipo sindinauzepo munthu. Ndikufuna mulembe za iye. Dzina lake musalisinthe."